Tisanasirire Budapest, Tafikako ku Kalemba?

Pali mavidiyo ena pa TikTok ndi pa Facebook amene amadya bandulo koma munthu osadandaula. Sitima yoyera, yaitali kuposa bwalo la mpira, ikuyandama pang'onopang'ono pa mtsinje usiku. Mbali zonse ziwiri magetsi achikasu ali ngwee, milatho ikuwala, ndipo m'mphepete mwa madzi muli chinyumba chachikulu cha nsonga zambirimbiri chikunyezimira ngati golide. Pamwamba pa sitimayo pali azungu achikulire, mabulangete m'miyendo, makapu m'manja. Umenewo ndi mzinda wa Budapest, likulu la dziko la Hungary, ndipo anthuwo ali pa tsiku lomaliza la ulendo wawo wa pa mtsinje wa Danube. Wachinyamata wa ku Kanyama, ku Mtendere kapena ku Kapata akaonera amapumira m'mwamba, nkunena kuti anzathu ndiye akukhala, ife tikungoperekeza.

Kusirira si mlandu. Chimene ndikufuna tikambirane ndi chakuti maso athu amathera pa magetsi, pomwe phunziro lenileni la Budapest lili kuseri kwa magetsiwo. Phunzirolo likutikhudza ife a kum'mawa kuno, ku Vubwi, ku Katete ndi ku Sinda, ndiponso inu amene makolo anu anachokera kuno koma munakulira m'tauni. Maganizo anga ndi awa: tili ndi zinthu zoti mlendo nkuimitsira galimoto, koma zikuwonongeka chifukwa eni akefe sitipitako, ndipo mzungu sadzabwera kudzatiyambira ntchito imeneyi. Mlendo woyamba ayenera kukhala inu.

Ulendo wa anzathuwo umayenda chonchi

Ena mwa maulendowa amayambira ku Amsterdam. Sitima imakwera mtsinje wa Rhine, kulowa mu Main, kenako kudutsa mu ngalande yokumbidwa ndi anthu imene inatha mu 1992, yomwe inalumikiza Main ndi Danube. Kuchoka apo imatsika, kuima ku Vienna, nkukathera ku Budapest patatha pafupifupi masabata awiri. Danube ndi wautali makilomita pafupifupi 2,850 ndipo amakhudza mayiko 10. Zambezi wathu ndi makilomita 2,574, choncho kusiyana kwake si kwakukulu monga mmene mavidiyo amatipangitsira kuganiza.

Akafika ku Budapest alendowa amakhala ndi tsiku limodzi kapena awiri. M'mawa basi imawadikirira pa doko. Aliyense amapatsidwa kawailesi kakang'ono ka m'khutu kuti azimva wowalondolera ngakhale atatsalira m'mbuyo. Amawakweza pa phiri la Buda kukaona nyumba ya mafumu akale ndi tchalitchi cha Matthias. Amawaolotsa pa mlatho wa Chain Bridge umene unatsegulidwa mu 1849, nthawi imene Buda ndi Pest inali mizinda yosiyana, popeza inadzalumikizidwa kukhala mzinda umodzi mu 1873. Amawaonetsa nyumba ya malamulo ija ya m'mavidiyo, yomwe inatha kumangidwa mu 1904. Masana amalowa mu msika waukulu wa mu 1897 kukagula tsabola wofiira wogayagaya wotchedwa paprika. Amene nyamakazi ikuwavuta amapita kukaviika thupi m'madzi otentha a ku Széchenyi, malo osambira amene anatsegulidwa mu 1913.

Taimani pamenepo. Madzi otentha otuluka pansi ife tilibe? Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Chipata anadutsa pa Chinyunyu, mu Great East Road, pamene madzi amatuluka m'nthaka akufuka nthunzi. Ndi angati mwa ife amene tinatsikapo? Ambiri timadutsa tili m'tulo, ena tili pa foni kuonera Budapest yemweyo. Tsabola wogaya nayenso si chozizwitsa kwa mayi wa ku Sinda. Kusiyana kwake ndi kwakuti anzathu anaika tsabola wawo m'kathumba kokongola, nkumupatsa dzina ndi nkhani.

Chinthu china chimene mavidiyo sanena ndi chakuti zambiri zimene mukuonazo zinagwapo. Mu Januwale 1945 asilikali a Germany pothawa anaphulitsa milatho ya mu Budapest, Chain Bridge nayo inagwera m'madzi. Anthu a mzindawo anaimanganso nkuitsegula mu 1949, itakwana zaka 100. Ndipo si zokongola zokha zimene amaonetsa alendo. Pafupi ndi nyumba ya malamulo, m'mphepete mwa mtsinje, pali mapeyala 60 a nsapato zachitsulo, zazimuna, zazikazi ndi za ana. Anaziika mu 2005 pokumbukira Ayuda amene ankavulitsidwa nsapato nkuwomberedwa kuti agwere mu Danube mu 1944 ndi 1945. Alendo amafika pamenepo nkukhala chete. Zitsulozo pazokha sizodula. Chimene chimaimitsa munthu ndi nkhani yake, ndiponso kuti pali wina amene anaphunzira kuifotokoza bwino.

Malonda a Budapest ndi amenewo: malo osamalidwa, njira yofikirapo, ndi munthu wodziwa nkhani. Bungwe la UNESCO linaika magombe a Danube a mu mzindawo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1987, koma linapeza eni ake atayamba kale kusamala.

Nanga ife tili ndi chiyani?

Tiyambe ndi dzina limene lili pa mutu wa nkhani ino. Kalemba ndi phanga la m'boma la Chadiza, boma limene Vubwi anali mbali yake mpaka mu 2012. Katswiri wofukula zakale, David Phillipson, anakumba m'phangali ndiponso ku Makwe kufupi ndi Katete ndi ku Thandwe cha ku Chipata, ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku lake la mu 1976 lonena za mbiri yakale ya kum'mawa kwa Zambia. Ku Kalemba kunapezeka zida zamiyala zosonyeza kuti anthu ankakhala pamenepo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Werenganinso nambala imeneyo. Chain Bridge sinakwane ngakhale zaka 200.

M'mapanga amenewa, ndi enanso monga Mkoma, muli zojambula za pamiyala za mitundu iwiri. Zofiira, zamizeremizere ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri, ndipo akatswiri amazigwirizanitsa ndi anthu osaka nyama amene makolo athu ankawatcha Akafula. Zoyera ndi za makolo a Achewa, ndipo zimakhudzana ndi chinamwali ndi Nyau. Kutsidya kwa malire, ku Chongoni m'boma la Dedza ku Malawi, kuli malo 127 a zojambula za mtundu womwewu, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda uja mu 2006, mndandanda womwewo umene pali Budapest. Manja amene anajambula ku Chongoni ndi abale ake a manja amene anajambula kuno. Malire anabwera pambuyo.

Kenako pali Kulamba. Loweruka lomaliza la Ogasiti chaka chilichonse, mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, ku Katete, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambowu unaletsedwa m'nthawi ya atsamunda ndipo unayambiranso mu 1984. Mu 2007 apulezidenti atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala pa bwalo limodzi ku Mkaika. Gule Wamkulu amene amavinidwa kumeneko UNESCO inamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse a pa dziko. Onjezani Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni mu Febuluwale, mapiri a Mphangwe amene amakulandirani mukamalowa mu Katete, ndi South Luangwa, nkhalango ya nyama ya masikweya kilomita 9,050 imene inatchuka dziko lonse ndi maulendo oonera nyama poyenda pansi.

Vubwi payekha ali ndi chinthu chimene maboma ambiri alibe. Wakhudza Malawi, wakhudzanso Mozambique. Kuno munthu amalima ku Zambia, maliro akakhuze ku Malawi, mbuzi akagule ku Mozambique, ndipo konseko akulankhula chilankhulo chimodzi, akutchulana mfunda, a Phiri, a Banda, a Mbewe, a Mwale. Makampani a sitima za pa Danube amalengeza monyadira kuti mudzaona mayiko angapo pa ulendo umodzi. Agogo athu akhala akuchita zimenezo pa njinga yakapalasa.

Chikusowa nchiyani?

Choyamba ndi njira. Msewu wochokera ku Chipata kubwera ku Vubwi wakhala nkhani ya pa misonkhano ya kampeni kwa zaka zambiri, ndipo aliyense amene anayendapo m'misewu ya m'midzi yathu mu Januwale akudziwa mmene matope amagwirira galimoto. Mlendo wa ku Budapest amatsika sitima nkuponda pa simenti. Wathu amayamba wafunsa ngati mtsinje wadzaza. Msewu ndi ntchito ya boma, ndipo tisatope kuufunsa.

Koma si zonse zimene zikudikira boma. Malo ambiri akale kuno alibe chikwangwani pa mphambano. Alibe chimbudzi. Alibe munthu amene mungamupeze nkumufunsa kuti, kodi mizere yofiirayi ndi ya liti? Mwana wa sukulu amene amaweta ng'ombe pansi pa phanga lomwelo amaloweza mitsinje ya ku Ulaya kuti akhoze mayeso, koma za phanga la kwawo palibe anamuuzapo. Ndiye akatenga khala nkulemba dzina lake ndi la chibwenzi chake pamwamba pa chojambula cha makolo, tidzamuimba mlandu wanji? Ena amasonkha moto m'mapanga pobisala mvula kapena pochezera mapemphero, utsi nkudetsa khoma. Chojambula chikafufutika palibe kontilakita amene angachibwezeretse monga anachitira ndi mlatho wa ku Budapest. Bungwe la National Heritage Conservation Commission lilipo ndipo lamulo loteteza malowa lilipo, koma ofesi singagone pa phanga lililonse. Mlonda weniweni ndi mudzi umene uli pafupi, ndipo mudzi umalondera chinthu chimene ukuona phindu lake.

Pa wailesi ya m'dera imene ndimathandizako, foni zikatsegulidwa nkhani zimakhala za feteleza wa FISP, mtengo wa chimanga ndi soya, mijigo yowonongeka ndi msewu. Zonsezi ndi zoona ndipo ndi zofunika. Koma tsiku limene mwaitana gogo kuti afotokoze dzina la phiri kapena chiyambi cha mudzi, foni sizipuma. Wina akutsutsa, wina akuwonjezera, wina akuti agogo anga ankanena mosiyana. Njala ya nkhani zathu ilipo. Chimene chikusowa ndi anthu oti azisonkhanitse eni ake asanapite, chifukwa maliro aliwonse a munthu wachikulire amakwirira nkhani zimene palibe anazijambula.

Wina anena kuti, anthu akufuna feteleza, iwe ukutiuza za miyala

Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindikulipeputsa. Mimba ilibe tchuthi. Koma kumbukirani 2024. Mvula inadula pakati pa nyengo, chimanga chinapserera m'minda, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko. Banja limene ndalama yake yonse imachokera ku mvula linagwada chaka chimenecho. Phanga silidikira mvula. Gule sadikira mvula. Ndipo alendo amayenda kwambiri kuyambira Juni mpaka Okutobala, nthawi yomwe mlimi wakolola kale ndipo achinyamata ambiri akungokhala pa gulosale kapena akupita kukaika moyo pachiswe m'maenje a golide.

Sindikunena kuti alendo adzalowa m'malo mwa ulimi. Ndikunena za ndalama yowonjezera imene imagwera m'manja ambiri nthawi imodzi. Gulu la anthu khumi likabwera kudzaona malo, wa njinga yamoto wapeza, mayi wophika nsima ya nkhuku yachikuda wapeza, wogulitsa mtedza ndi chikanda wapeza, wosoka zitenje wapeza, mnyamata kapena mtsikana wolondolera wapeza. Yang'anani mmene Katete amasinthira sabata ya Kulamba: malo ogona amadzaza, mabasi amadzaza, wogulitsa madzi ozizira amatha katundu dzuwa lisanapendeke. Vuto ndi lakuti Lolemba lake zonse zimazima ngati moto wa mapesi, nkudikira chaka chamawa. Mlendo amene wabwera kale mpaka ku Mkaika bwanji osamupatsa chifukwa chogonera masiku ena awiri? Budapest inadziwa kuti munthu amene sitima yamutula pa doko ndi wosavuta kumunyengerera kuti aonenso china. Ife mlendo timamusiya akwere basi ya m'bandakucha.

Walira mvula walira matope

Tisatengere zonse za ku Ulaya ngati kuti kulibe zolakwika. Alendo a pa sitima amagona m'sitima, amadya m'sitima, ndipo ndalama yaikulu analipira kale ku kampani asananyamuke kwawo. Mu mzinda amatsika maola ochepa, kujambula zithunzi, kugula kachikumbutso, nkubwerera. Eni mizinda ina anatopa nazo. Dziko la Italy linaletsa sitima zikuluzikulu kulowa pakati pa mzinda wa Venice mu 2021, ndipo mu 2024 mzindawo unayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa alendo obwera tsiku limodzi pa masiku ena otanganidwa. Pa Danube pomwepo kuchulukana kwa sitima kunabweretsapo maliro: pa 29 Meyi 2019 sitima yaikulu ya Viking Sigyn inagunda kaboti ka alendo kotchedwa Hableány mu Budapest, ndipo anthu oposa 25 anafa, ambiri a iwo ochokera ku South Korea.

Zofanana nazo tikuziona kale pafupi. Alendo ambiri olemera opita ku South Luangwa amakwera ndege ku Lusaka nkukatera ku Mfuwe. Sinda ndi Katete amaziona pansi ngati madontho. Malo ambiri ogona a m'nkhalangomo mitengo yake ili m'madola. Ntchito zilipo ndithu, ndipo achinyamata a ku Mambwe ambiri aphunzira kulondolera alendo mwaukatswiri, koma funso loti ndalama yaikulu imathera kuti siliyenera kuchoka pakamwa pathu. Mbiri ya chigwa chomwecho ili ndi yankho. Cha mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule malo oonerako nyama, ndalama zolowera zizipita kwa anthu a mfumuyo. Maganizo oti mwini dera adye nawo si achilendo kuno, anayambira kwathu konkuno. Ngati tikufuna alendo ku Vubwi, tiyambe tagwirizana kuti wolondolera akhale wa m'mudzimo, chakudya chigulidwe m'mudzimo, ndipo ndalama ya pakhomo ilembedwe m'buku limene anthu angalione.

Pali matope ena amene ndi athuathu. Si chilichonse chimene chili chogulitsa. Gule amene amatuluka pa bwalo ndi wa aliyense woonera mwaulemu, koma za ku dambwe ndi za eni ake. Zojambula zina zoyera zili ndi matanthauzo amene anamkungwi amasunga, ndipo si ntchito ya mnyamata wa kamera kukazifukula kuti apeze omutsatira pa intaneti. Malire a zimene mlendo angaone ndi zimene sangaone aikidwe ndi mafumu, anamkungwi ndi akuluakulu a mwambo, ndipo ife achinyamata tiwalemekeze ngakhale mlendo atatulutsa madola. Ku Budapest komweko, mukalowa m'tchalitchi nthawi ya mapemphero amakuuzani kuti mukhale chete kapena mudikire panja, ndipo palibe amene amakwiya. Mlendo wanzeru amalemekeza malo amene eni ake akuwalemekeza.

Mlendo woyamba ndi inu

Kuti Mzambia akaone Budapest afunika viza ya Schengen. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake ndi mayuro 90, kuwonjezera mapepala a ku banki, inshuwalansi, umboni wa kumene mukagone ndi umboni woti mudzabwerera. Akakukanani ndalamayo sibwezedwa. Pomwe Zambia mu 2022 inachotsa viza kwa anthu a mayiko ambiri olemera, kuphatikizapo a ku Ulaya, kuti azibwera mosavuta. Chitseko chathu ndi chotsegula, chawo ndi cha loko. Zimenezi zimapweteka, ndipo nkoyenera kuzinena. Koma pamene tikudikira kuti dziko lisinthe, basi ya pa Intercity yopita kum'mawa sifunsa viza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Inu a m'tauni mumabwera kumudzi pa zifukwa ziwiri: maliro ndi ukwati. Mumafika usiku, m'mawa muli ku manda, madzulo mukufunsa za basi. Mukabwerera ku Lusaka mumati kumudzi kulibe chochita. Munafunsa ndani? Ulendo wotsatira onjezani tsiku limodzi. Pitani kwa a nyakwawa ndi ulemu wake, mufunse ngati m'deralo muli phanga, phiri la nkhani, kapena malo amene makolo ankapempherera mvula. Pemphani munthu woti akuperekezeni, ndipo mumulipire monga mmene mungalipirire wa takisi m'tauni, osati kungomuthokoza pakamwa. Tsiku limene mnyamata wa m'mudzi adzalandire ndalama chifukwa chodziwa nkhani ya phanga ndi tsiku limene adzayambe kuletsa anzake kulembapo ndi makala. Mukafika musakhudze zojambula, musazithire madzi kuti zioneke bwino pa chithunzi, ndipo musasiyepo mabotolo.

Amene mumapanga magulu a chilimba ndi maulendo a ku Siavonga kapena ku Livingstone kukakwera boti dzuwa likamalowa pa Zambezi, pitirizani, dzikolo ndi lanu. Koma chaka china tembenuzirani minibasi kum'mawa. Fikani ku Katete Lachinayi, Kulamba isanayambe, muone mafumu akufika, mugone, muonere mwambo, ndipo Lamlungu mukaone mapanga m'malo mothamangira kubwerera. Foni zomwe mumaonera Budapest zili ndi kamera ndi chojambulira mawu. Khalani pansi ndi agogo anu, muwapemphe chilolezo, muwafunse kumene mudzi unachokera, amene anali mfumu yoyamba, chifukwa chimene mtsinje uja unatchedwa dzina limenelo. Mukaika pa intaneti lembani m'Chinyanja, chifukwa anthu oyamba amene tikufuna kuti abwere ndi a ku Chipata, Lusaka, Lilongwe ndi Tete, ndipo onsewo akumva.

Kwa ife amene tikukhala kuno ntchito ilinso. Ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Mapulojekiti ake amayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawadi, kumene achinyamata ambiri sitipita nkomwe. Chikwangwani, chimbudzi, kanjira kolambulidwa ndi maphunziro a achinyamata asanu olondolera alendo ndi zinthu zotsika mtengo poyerekeza ndi mlatho. Sizingapikisane ndi chipatala kapena kalasi, ndipo siziyenera kutero, koma sizingalowe n'komwe pa mndandanda ngati palibe wozitchula. Aphunzitsi nawonso angathe kutenga ana a giredi 7 kupita nawo pa phanga lapafupi kamodzi pa chaka, wapansi, popanda kudikira basi. Mawailesi a m'madera tipatule mphindi makumi atatu pa sabata za mbiri ya malo athu, tisunge zojambulazo bwino, kuti wolondolera wa mawa adzakhale ndi pophunzirira. Mutu umodzi susenza denga, koma denga ili si lolemera monga tikuliopera.

Ndikufunira aliyense wa inu kuti tsiku lina adzaime pa mlatho wa Chain Bridge, adzaone yekha magetsi aja popanda kudera nkhawa bandulo. Kuyenda kumatsegula mutu, ndipo Mzambia ali ndi ufulu woona dziko ngati wina aliyense. Koma kumeneko mukadzakhala pa tebulo ndi anthu a mayiko ena, funso lidzabwera ndithu: kwanu kuli chiyani choti tikaone? Ambiri a ife tidzatchula Victoria Falls, nkuthera pomwepo, mwinanso tisanafikeko. Munthu wa kum'mawa ali ndi yankho lalitali kuposa limenelo: phanga limene anthu anakhalamo zaka 30,000 zapitazo, bwalo limene mafumu a mayiko atatu amagwada pamodzi, gule amene dziko lonse linamuvomereza. Kuti mudzathe kuyankha choncho muyenera kukhala mutafikako, ndipo zojambulazo ziyenera kukhala zikadalipo. Makala ndi utsi sizikudikira kuti mupeze tchuthi. Ogasiti akubwera, yambani kusunga ya basi.